Funsani Tiyankhe: Laputopu Yokhalira Pamagetsi ndi Moyo wa Batire Lake

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza batire la laputopu. Ena akudandaula kuti batire lawo silisunganso moto, ena akuopa kusiya makina awo ali pa soketi, ndipo ena amva malangizo osiyanasiyana kwa anzawo mpaka sakudziwanso choti agwire. Tasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Akonzi, ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa ofesi ina ku Lilongwe, ndipo laputopu yanga imakhala pa desiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo ili pamagetsi. Mnzanga wina wakhala akundichenjeza kuti ndikupha batire, chifukwa akuti likadzaza n'kumalandirabe moto limapsa. Wina akuti ndizilisiya lithe kaye mpaka makina azime okha ndisanalitchajenso. Kodi ndimvere ndani pa awiriwa? (Bambo wa ku Lilongwe)

Yankho: Bambo, anzanu onse awiri akukufunirani zabwino, koma malangizo a wachiwiriyo muwasiye ndithu. A woyambayo muwamve mosamala, chifukwa muli choona pang'ono chimene chafotokozedwa mokhota.

Langizo loti batire lizitha kaye linachokera ku mabatire akale a mtundu wa nickel-cadmium, amene ankapezeka m'zipangizo zambiri zotchaja m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mabatire amenewo, munthu akazolowera kuwatchaja asanathe, ankayamba kuchita ngati achepa mphamvu, motero anthu anaphunzitsidwa kuti aziwamaliza kaye. Malaputopu a masiku ano ali ndi mabatire a lithium-ion, amene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene anatsegula njira yake, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Batire la mtundu umenewu lilibe khalidwe lakale lija, ndipo chimene limadana nacho n'kufinyidwa mpaka kutheratu. Mukamalisiya kuti lifike pa ziro tsiku ndi tsiku, mukulikalambitsa msanga popanda phindu lililonse.

Opanga mabatire amawerengera moyo wa batire m'maulendo a katchajidwe. Ulendo umodzi umakwana pamene mwagwiritsa ntchito moto wofanana ndi batire lonse lathunthu, kaya pa tsiku limodzi kapena pa masiku angapo. Mukagwiritsa ntchito theka lero n'kutchaja, mawa n'kugwiritsanso ntchito theka, pamenepo mwatha ulendo umodzi. Mabatire ambiri a malaputopu amakhala ndi mphamvu yabwino kwa maulendo apakati pa 300 ndi 500, ndipo kampani ya Apple imanena kuti mabatire a MacBook za masiku ano anapangidwa kuti afike maulendo 1,000 akadali ndi pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu imene anali nayo ali atsopano. Choncho munthu amene wakhala pafupi ndi soketi koma n'kumazula tchaja dala kuti batire lithe, akudya maulendo amene akanadzamuthandiza tsiku limene magetsi azima.

Za kupsa chifukwa chodzaza mopitirira muyeso, mtima wanu ukhale m'malo. M'kati mwa batire la laputopu muli kachipangizo kolilondera, ndipo laputopu nayonso ili ndi mbali yoyang'anira katchajidwe. Batire likadzaza, njira ya moto wopita kumeneko imatsekedwa, ndipo makina amayamba kudya moto wochokera ku tchaja mwachindunji. N'chifukwa chake nthawi zina mumaona nambala itaima pa 97 kapena 98 peresenti ngakhale tchaja ili m'malo mwake. Makinawo amakhala akudikira kuti moto utsikeko ndithu asanayambenso kuthira. Malinga ngati tchaja yanu ili yoyenera ndipo batire silinawonongeke, kudzaza mopitirira muyeso sikuchitika.

Pamene mnzanu woyamba wakhudza choona ndi pa nkhani ya kukhalitsa lili lodzaza. Batire limapangidwa ndi timaselo tingapo, ndipo kaselo kalikonse kakadzaza kamafika pa ma volt 4.2 kapena kupitirirako pang'ono, pomwe kakakhala ndi moto wapakati kamakhala cha pa 3.7 kapena 3.8. Pa mlingo wapamwambawo mankhwala a m'kati amakhala opanikizika, ndipo amawonongeka pang'onopang'ono ngakhale batirelo simukuligwiritsa ntchito. Taganizirani za chingwe cha mphira chimene akabaza amamangira katundu pa njinga. Chikamakokedwa ndi kumasulidwa pa ntchito yake chimakhalitsa, koma mukachisiya chili chokokedwa mpaka pamapeto, padzuwa, kwa miyezi ingapo, mudzachipeza chitalefuka. Batire limene lakhala pa 100 peresenti chaka chonse, m'kati mwa makina otentha, limalefuka chimodzimodzi, ndipo mwini wake amadabwa tsiku limene wazula tchaja n'kupeza kuti moto ukutha ola lisanakwane.

Opanga malaputopu amalidziwa vutoli, ndipo ambiri anaika njira yoletsa batire kudzaza mpaka pakamwa. Simunatiuze mtundu wa makina anu, choncho titchula ingapo. Pa Lenovo muli pulogalamu yotchedwa Lenovo Vantage, ndipo m'menemo muli Conservation Mode, imene imaimitsa kutchaja cha pa 60 peresenti pa makina ena ndi cha pa 80 pa ena. Pa ASUS, pulogalamu ya MyASUS imakupatsani mwayi wosankha pakati pa 100, 80 ndi 60 peresenti. Pa Dell muli Dell Power Manager, mmene mungasankhe Primarily AC Use, kutanthauza kuti makinawo amakhala pamagetsi nthawi zambiri, kapena kuika malire anuanu. Malaputopu a HP opangidwira maofesi ali ndi Battery Health Manager m'kati mwa BIOS, malo osinthira kagwiridwe ntchito ka makina amene mumalowamo laputopu ikamayamba kuyaka, ndipo kumeneko mungasankhe kuti batire lisapitirire 80 peresenti. Pa MacBook muli Optimized Battery Charging, imene imaphunzira chizolowezi chanu n'kumaimitsa batire pa 80 peresenti mpaka nthawi imene ikuyembekezera kuti muzula tchaja. Mukatsegula njira imeneyi, laputopu ikhoza kukhala pamagetsi tsiku lonse popanda nkhawa.

Koma pano ndikufuna ndinenepo maganizo anga, chifukwa malangizo ambiri a nkhaniyi amalembedwa ndi anthu okhala kumene magetsi sazimazima. Iwo amakonda kunena kuti 50 kapena 60 peresenti ndiye mlingo wabwino koposa, ndipo pa za mankhwala a m'batire akunena zoona. Kuno kwathu batire lili ndi ntchito imene ikulidikira sabata iliyonse. Ngati laputopu yanu imayenda maola asanu batire litadzaza, pa 80 peresenti idzayenda maola anayi, ndipo pa 60 idzayenda atatu okha. Maola awiri otayikawo akhoza kukhala amene mumafunika kuti mumalize malipoti a kumapeto kwa mwezi magetsi atazima. Ine ndikanakhala inu ndikanaika malire pa 80 peresenti masiku wamba, ndipo tsiku limene ndamva kuti kudera kwathu magetsi azima, kapena ndili ndi ulendo, ndikanachotsa malirewo usiku wake kuti batire lidzaze. Kudzaza kwa tsiku limodzi kapena awiri sikuwononga kanthu kooneka. Chimene tikupewa ndi kudzaza kosalekeza kwa miyezi. Ngati makina anu alibe njira yoika malire, musavutike ndi kuzulazula tchaja ola lililonse. Ingoonetsetsani kuti sakutentha, muziwazimitsa ndi kuzula tchaja mukaweruka, ndipo kamodzi kapena kawiri pa sabata muziwayendetsa pa batire mpaka litsike cha pa 40 peresenti.

Funso: Akonzi, malume anga anandipatsa laputopu yakale imene batire lake limachoka mukakankha timaloko tapansi. Anandiuza kuti ndikakhala pamagetsi ndizilichotsa n'kulisunga m'kabati kuti likhalitse. Ndikulemba kafukufuku wanga womaliza sukulu, ndipo ndikufuna makinawa andifikitse kumapeto. Kodi nditsatire zimenezi? (Mtsikana wophunzira ku Zomba)

Yankho: Achemwali, malume anu sanalakwitse pa cholinga, chifukwa batire limene lachotsedwa limatalikirana ndi kutentha kwa makina ndipo silikhala lodzaza nthawi zonse. Komabe ine ndikukulangizani kuti mulisiye m'malo mwake, makamaka panopa pamene mukulemba ntchito yofunika chonchi.

Magetsi ambiri a m'Malawi amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo chilichonse chimene chasokoneza mtsinjewo chimafika mpaka pa soketi ya m'chipinda chanu. Ambiri tikukumbukira mmene zinakhalira namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yoposa chaka. Laputopu yopanda batire imazima nthawi yomweyo magetsi akangophethira, ndipo imazimanso munthu akangopunthwa pa chingwe kapena pulagi ikagwedera mu soketi. Kuzima kwadzidzidzi kumeneko kumatenga zonse zimene simunasunge, nthawi zina kumawononga fayilo imene inali yotsegula, ndipo kukachitika pamene Windows ikudzikonzanso, makina akhoza kukana kuyaka. Malaputopu akale ambiri ali ndi hard disk yozungulira, imenenso sigwirizana ndi kudulidwa moto ili pakati pa kulemba. Maofesi amawononga ndalama kugula UPS, chipangizo cha batire chosunga moto wapadera, kuti makompyuta a pa desiki asazime chotere, pomwe inu chitetezo chimenecho muli nacho kale m'batire lanu. Palinso malaputopu ena amene amachepetsa liwiro lawo batire likachotsedwa, chifukwa anapangidwa kuti pa ntchito yolemera azitapa moto ku tchaja ndi ku batire pamodzi. Batire likatha mungagule lina, koma mutu wa kafukufuku umene mwaulemba milungu itatu sungagulidwe pa sitolo. Pa chifukwa chomwecho, muzisunga ntchito yanu pa fulashi kapena pa intaneti tsiku lililonse.

Nthawi imene kuchotsa batire kuli koyenera ndi pamene makina akhala osagwira ntchito kwa miyezi, monga mukapita kumudzi pa tchuthi chachitali n'kuwasiya. Pamenepo musalisunge lodzaza, ndiponso musalisunge lopanda moto. Lisiyeni lili cha pa theka, pamalo ozizirirako ndi ouma. Batire limataya moto pang'onopang'ono ngakhale lili m'kabati, ndipo likasungidwa lili lotheratu limatsika kupitirira malire ake, kachipangizo kolilondera kaja n'kukana kuti litchajidwenso. Malangizo a Apple pa zipangizo zake ndi oti zisungidwe pa 50 peresenti ndi kubwezeretsedwa pa mlingo umenewo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo langizo limeneli limagwira ntchito pa mitundu inanso. Musaliike m'firiji monga ena amanenera, chifukwa mukalitulutsa limachita chinyezi chimene chingalowe m'kati.

Funso: Akonzi, mwana wanga amasiya laputopu pa soketi usiku wonse, ndipo mayunitsi a magetsi akutha msanga pakhomo pano. Kodi ndi laputopuyo ikuwamaliza? (Mayi wa ku Blantyre)

Yankho: Mayi, wakuba mayunitsi anu mumufunefune kwina. Yunitsi imodzi ndi ma watt 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi, kapena kuti ma watt-hour 1,000, pomwe batire la laputopu wamba limasunga moto wapakati pa ma watt-hour 40 ndi 60. Ndiye kuti yunitsi imodzi ikhoza kudzaza batire lotere maulendo oposa khumi, ngakhale titawerengera moto umene umatayika ngati kutentha kwa tchaja. Batire likadzaza ndipo makina ali ozimitsidwa, tchaja imakoka moto wochepa kwambiri. Simbi yositira, ketulo, mbaula yamagetsi ndi giza, chilichonse mwa izi chimatha kudya yunitsi yathunthu pa ola limodzi kapena ola lisanakwane. Mwana wanuyo mumuuze kuti azizula tchaja usiku, koma chifukwa chake chikhale kuteteza makina ku mphenzi ndi ku magetsi obwera mwamphamvu.

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'boma la Nsanje, ndipo madzulo ndimalemba malipoti ndili pabedi, laputopu ili pa bulangeti komanso ili pamagetsi. Imatentha kwambiri kunsi ndipo fani imalira osaleka. Masiku ano ndaona kuti kamalo koyendetsera chala kakwera, sikadinika bwino, ndipo m'mbali mwa makina mwayamba kutseguka. Kodi vuto ndi chiyani? (Bambo wa ku Nsanje)

Yankho: Bambo, ndikukupemphani kuti mukangowerenga yankho lino muzimitse makinawo, muzule tchaja, ndipo musawatchajenso mpaka katswiri atawaona. Zizindikiro zimene mwafotokoza ndi za batire lotupa. Mankhwala a m'kati mwa timaselo akawonongeka amatulutsa mpweya, ndipo popeza mabatire a malaputopu opyapyala amakutidwa ndi kathumba kofewa, kathumbako kamafufuma n'kukankha zonse zimene zili pamwamba pake. Musalipanikize kuti libwerere, musalibaye ndi chilichonse, ndipo musayese kulitulutsa ndi mpeni kapena sikuludiraiva, chifukwa kaselo ka lithium-ion kakabooka kamatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Pamene mukudikira katswiri, ikani makinawo pa simenti, kutali ndi bedi, makatani ndi mapepala. Moto wa mabatire amenewa ndi nkhani imene opanga okha amaiopa: mu Ogasiti 2006 kampani ya Dell inaitanitsa mabatire 4.1 miliyoni opangidwa ndi Sony kuti abwezedwe, atapeza kuti tizidutswa ta chitsulo totsalira m'timaselo tinkatha kuyambitsa moto. Batire lakalelo likachotsedwa musalitaye kudzala kumene zinyalala zimawotchedwa, kapena pamene ana angalitole. Funsani wokonzayo ngati ali ndi njira yolisungira kapena yolitumiza koyenera.

Chimene chabweretsa vutoli, mwa kuona kwanga, ndi kutentha kophatikizana ndi kudzaza kosalekeza, ndipo pa adani onse a batire kutentha ndiye wamkulu. Apple imachenjeza kuti kutentha kwa malo kopitirira madigiri 35 kukhoza kuchepetsa mphamvu ya batire mosabwereranso. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ku Chigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumakhalabe kotentha ngakhale dzuwa litalowa. Pamwamba pa kutentha kumeneko mwaonjezapo bulangeti limene latseka timabowo topumira tapansi, kenako kutchaja kumene nakonso kumatulutsa kutentha kwake. Batire lodzaza limene likuwotchedwa chotere usiku uliwonse silingapirire nthawi yaitali.

Mukaikitsa batire latsopano, musinthe kakhalidwe ka makinawo. Muziwaika pa tebulo kapena pa thabwa losalala, ndipo ngati mukufunabe kugwirira ntchito pabedi, ikani thireyi yolimba pansi pake. Kukweza mbali yakumbuyo pang'ono ndi kabuku kapena kathabwa kumathandiza kuti mpweya uziyenda. Muuzenso wokonzayo kuti atsuke fani ndi timabowo totulukira mpweya, chifukwa fumbi la chilimwe limaunjikana m'menemo ngati thonje, ndipo kulira kosaleka kwa fani nthawi zambiri kumachokera pamenepo. Ngati n'kotheka muzitchaja m'mamawa kukadali kozizira. Musasiye laputopu m'galimoto yotsekedwa padzuwa, ndipo musanaiike m'chikwama muziizimitsa kwathunthu kapena kusankha Hibernate, imene imasunga ntchito yanu n'kuzimitsa makina, popeza makina ena akangotsekedwa chivundikiro amapitiriza kugwira ntchito mwakachetechete n'kutenthera m'chikwamamo. Izi zikukhudzanso owerenga athu a ku Chikwawa ndi a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga.

Funso: Akonzi, ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito kwa wamalonda wina, ndipo anandionetsa kuti batire likufika pa 100 peresenti. Kunyumba ndapeza kuti imangokhala mphindi 40, ndipo nthawi zina imazima ikadali pa 30 peresenti. Ndaona pa intaneti mapulogalamu amene akuti amakonza batire. Kodi angandithandize? (Mphunzitsi wa ku Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, mapulogalamu amenewo musawaike pa makina anu. Kukalamba kwa batire kumachitika m'mankhwala a m'kati mwake, ndipo palibe pulogalamu imene ingawabwezere mwakale. Ena mwa mapulogalamu otere amangobweretsa zotsatsa malonda ndi mavairasi.

Nambala ya 100 peresenti imangonena kuti batire ladzaza mpaka pamene lingathe lero, osati pamene linkafika lili latsopano. Zili ngati chitsime chimene pansi pake paunjikana matope: madzi amaoneka ali pakamwa, koma mukatunga ndowa ziwiri zokha mwafika pamatope. Kuti mudziwe kuya kwenikweni, Windows ili ndi njira yake yaulere. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, kenako dinani Enter. Makina adzakuuzani pamene asunga lipoti, ndipo mukalitsegula mufunefune mizere iwiri, Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Woyambawo ndi mphamvu imene batire linapangidwa nayo, ndipo wachiwiriwo ndi imene latsala nayo. Mwachitsanzo, ngati woyamba ukunena 45,000 mWh ndipo wachiwiri ukunena 18,000 mWh, batire lanu latsala ndi magawo anayi okha pa khumi. Pa makina ambiri lipotilo limaonetsanso chiwerengero cha maulendo a katchajidwe. Ndikanakonda kuti aliyense wogula laputopu yakale azichita zimenezi ali pa sitolo pomwepo ndalama asanapereke, chifukwa zimatenga mphindi imodzi ndipo zimakupatsani maziko okambirana mtengo.

Kuzima pa 30 peresenti kumachitika pa zifukwa ziwiri. Nthawi zina kachipangizo kowerengera moto kamakhala kasokonezeka, ndipo mungakakonze potchaja mpaka kudzaza, n'kugwiritsa ntchito makina mpaka azime okha, kenako n'kutchajanso mpaka kudzaza osadukiza. Imeneyi ndi nthawi yokhayo imene kumaliza batire kuli ndi phindu, ndipo ikhale ya apo ndi apo, osati chizolowezi. Imakonza kawerengedwe kokha, mphamvu yotayika siibwerera. Vuto likapitirira, ndiye kuti kaselo kamodzi kafooka kuposa tinzake, ndipo mankhwala ake ndi batire lina. Pogula, yerekezani nambala yolembedwa pa batire lakale ndi ya latsopano, ndipo pemphani kuti muliyese ndi lipoti lomwe lija, chifukwa batire limakalamba ngakhale lili pa shelefu. Pakadali pano, kuchepetsa kuwala kwa sikirini ndiko kumapulumutsa moto wambiri, ndipo kutseka masamba a intaneti amene simukuwawerenga kumaonjezerapo mphindi zingapo.

Funso: Akonzi, ndili ndi kamalo kolembera ndi kusindikiza makalata pa msika wina m'boma la Mchinji. Magetsi akazima ndimagwiritsa ntchito jenereta kapena sola. Tchaja yanga yeniyeni inapsa tsiku la mvula yamabingu, ndipo ndinagula ina yotsika mtengo imene akuti imalowa pa laputopu iliyonse. Tsopano imatentha kwambiri, ndipo makina amalemba kuti alumikizidwa koma sakutchaja. Ndichite chiyani? (Bambo wa ku Mchinji)

Yankho: Bambo, tchaja imeneyo muisiye isanakuwonongereni makina amene akukudyetsani. Tembenuzani laputopu yanu, kapena tchaja yakale ngati mukadali nayo, muwerenge zolembedwa. Mzere wa Input nthawi zambiri umanena 100 mpaka 240 V, kutanthauza kuti tchaja imalandira magetsi athu a ma volt 230 komanso a ku South Africa, Britain kapena America, ndipo chosiyana ndi maonekedwe a pulagi okha. Mzere wofunika kwambiri ndi wa Output. Ma volt a pamenepo ayenera kufanana ndendende ndi amene makina amafuna, ndipo ma watt akhale ofanana kapena ochulukirapo. Tchaja yolembedwa 19.5 V ndi 3.33 A imapereka ma watt 65, chifukwa ma watt amapezeka pochulukitsa manambala awiriwo. Mukaika ya ma watt 45 pa makina ofuna 65, imagwira ntchito mopitirira mphamvu yake, imatentha, ndipo moto wotsalira batire umasowa. Ya ma watt 90 pa makina omwewo ilibe vuto, popeza laputopu imangotenga umene ikufuna.

Palinso china. Matchaja ambiri a Dell ndi HP ali ndi kasingano pakati pa pulagi yolowa mu laputopu, kamene kamauza makina mtundu ndi mphamvu ya tchaja. Kasinganoko kakathyoka, kapena tchaja ikakhala yachinyengo yosatha kudzidziwitsa, makina amayaka koma amakana kutchaja batire, ndipo ena amachepetsanso liwiro. Uthenga umene mukuonawo ukhoza kuchokera pamenepo. Tchaja yeniyeni ya mtundu wa makina anu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi yodalirika kuposa yatsopano yopepuka yosadziwika kumene inachokera. Kwa amene malaputopu awo amatchajira pa USB-C, tchaja ndi makina zimagwirizana zokha za ma volt, koma ma watt ayenerabe kukwana, ndipo tchaja wamba ya foni nthawi zambiri imakhala yochepa mphamvu.

Pa jenereta, iyambe yalira n'kukhazikika musanalumikize laputopu, ndipo muzule tchaja musanaizimitse kapena mukamva kuti mafuta akutha ndipo yayamba kutsokomola, chifukwa nthawi zimenezo ndi pamene magetsi ake amakwera ndi kutsika. Pa sola, inveta yolembedwa pure sine wave imatulutsa magetsi osalala ofanana ndi a pa soketi, pomwe zotsika mtengo zolembedwa modified sine wave zimachititsa matchaja ena kulira ndi kutentha. Magetsi akabwera pambuyo pozima, dikirani mphindi zingapo musanalumikize, ndipo batire lidzakusungirani ntchito pa nthawi imeneyo. Adaputa yokhala ndi chitetezo cha magetsi obwera mwamphamvu ndi yothandiza ndipo muigule, koma mphenzi ikagwa pafupi ndi mawaya imatha kudutsa chitetezo chimenecho. M'nyengo ya dzinja mukamva mabingu akuyandikira, zulani pulagi ku khoma, zulaninso chingwe cha purintala, n'kupitiriza ntchito pa batire mpaka mvula itadutsa.